Momwe Mungatsatirire Kusintha kwa LTR ya HIV M'thupi la Munthu Mmodzi

Chibadwa cha HIV chili ndi zilembo pafupifupi 9,700, ndipo kachilomboka kakalowa mu DNA ya selo, kumapeto onse awiri kumakhala chigawo cha zilembo 634 chotchedwa LTR, chimene chimalamula ngati kachulukane kapena kakhale duu. Popeza reverse transcriptase, puloteni ya kachilomboka yokopera chibadwa chake, imaphonya chilembo chimodzi pa zilembo pafupifupi 30,000 zilizonse osabwerera kukakonza, chigawochi chimasintha munthu adakali nako kachilomboko. Wophunzira wofuna kutsatira kusinthaku angayende motere.

Yambani ndi chilolezo. Kuno ku Malawi kafukufuku wotere amavomerezedwa ndi makomiti oona za kafukufuku monga COMREC kapena National Health Sciences Research Committee, ndipo mwini magazi ayenera kuvomera atafotokozeredwa bwino. Tengani magazi a munthu yemweyo kangapo, motalikitsa miyezi, kuyambira pamene wangotenga kumene kachilomboka ngati n'kotheka, chifukwa anthu ambiri amayamba ndi kachilombo kamodzi kokha, ndipo ndi kameneko kamene mudzayerekezerepo zosintha zonse.

Kenako sankhani choti muwerenge. RNA ya kachilomboka ya m'madzi a magazi imasonyeza tizilombo timene tikuchulukana panopa, pomwe DNA ya m'maselo oyera imasunga ndi takale tomwe. Kwa amene akumwa ma ARV mokhulupirika, RNA imachepa mpaka kusaoneka, choncho mudzadalira DNA.

Pochulukitsa chibadwacho ndi PCR, njira ya m'labotale yokopera DNA kambirimbiri, chisungunuleni kwambiri mpaka mwa timaenje 100 tilitonse ta mbale yoyezera, tosafika 30 tokha ndito tionetse kanthu. Mukatero, pafupifupi kadzenje kalikonse kakhala kakuimira kachilombo kamodzi. Mukapanda kutero, PCR imalumikiza zidutswa za tizilombo tosiyana n'kukupatsani chibadwa chimene kulibe m'thupi la munthuyo. Tayaninso zibadwa zimene G wambiri wasanduka A, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya APOBEC3G, puloteni ya thupi yowononga kachilombo, ndipo tizilombo totero nthawi zambiri tidafa kale.

Tsopano ndandalikani zibadwazo ndipo mupeze malo ofunika a mu LTR pamene pamamatirira mapuloteni oyatsa kachilomboka: atatu a Sp1, a NF-kB, TATA, ndi TAR pamene pamamatirira Tat, puloteni ya kachilombo komweko. Ambiri amagwiritsa ntchito HIV ya m'labotale yotchedwa HXB2 ngati muyeso, koma iyi ndi ya mtundu wa B wa HIV, umene uli ndi malo awiri a NF-kB. Mtundu wa C, wofala ku Malawi ndi kumwera konse kwa Africa, nthawi zambiri uli ndi atatu, ndipo ku India ofufuza adapeza tizilombo tina ta mtunduwu ta malo anayi. Wosadziwa izi angalengeze kuti wapeza kusintha kwatsopano pamene munthuyo adatenga kachilombo kali choncho kale.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Gawo lalikulu la U3 (chigawo choyambirira cha LTR) ya LTR yakumapeto lili pamalo amodzi ndi jini ya nef, imene imapanga puloteni ya kachilomboka yotchedwa Nef, ndipo pokopera chibadwa, U3 yomweyo ndi imene imapita kutsogolo kukakhala yolamula. Choncho chilembo chikasintha n'kufalikira, mwina n'chifukwa choti Nef ikuzemba maselo a chitetezo a CD8, osati kuti LTR yalimba. Masulirani zilembozo kukhala puloteni ya Nef musananene kanthu.

Potsiriza, yesani LTR iliyonse m'labotale poyilumikiza ndi jini ya luciferase, yochititsa maselo kuwala LTR ikamagwira ntchito, n'kuyiika m'maselo, ena okhala ndi Tat, ena opanda. Kuwala kwa maselowo mukuyerekeze ndi kwa LTR yoyamba ya munthu yemweyo, osati ya HXB2.