Kukweza fuliji pa baki (pikapu) osathyola msana

Abale anga a mapisijobu kuno ku Joni, msana wathuwu ndi umene ukutumiza ndalama kumudzi, ndiye zomanyamula fuliji ya makilo 90 ndi manja basi anthu awiri tisiye chonde. Ine ndinagona masabata awiri ku Rosettenville chifukwa cha zomwezi, kudzuka kukanika, renti ikudikira.

Yambani ndi kuitukula mbali imodzi. Pezani chitsulo chotalika mita imodzi, nsonga yake ilowe pansi pa fuliji, kenako ikani njerwa pansi pa chitsulocho pafupi ndi fulijiyo, tinene masentimita 20 kuchoka ku nsonga. Kwanu kwatsala masentimita 80, ndiye mukakanikiza mphamvu yanu imachuluka kanayi. Ndi zomwe zija timachita kumunda pozula chitsa ndi mtengo, mwala uli pansi. Njerwa ikatalikira katundu mwaluza, mungotuluka thukuta. Fuliji ikatukuka lowetsani mapaipi atatu pansi muziikankha ikugudubuzika, paipi yotsala kumbuyo muziipititsa kutsogolo, koma izi ndi za pamalo pafulati pokha.

Pofika pa baki ndi pamene ambiri timavulala. Tengani matabwa awiri okhuthala, aatali ndithu. Ngati kumbuyo kwa baki kuli mita imodzi kuchoka pansi ndipo matabwa ndi a mamita 3, makilo 90 aja mumawamva ngati 30, kuonjezapo pang'ono chifukwa matayala a tirole yokankhira fulijiyo amakhulana ndi thabwa. Mtunda umatalika inde koma kulemera kumachepa, nchifukwa chake thabwa lalifupi silithandiza kwenikweni, limangoima njo ngati khoma. Pakati pa matabwa tchinjirizani ndi njerwa asapindike, dalaivala akoke handibuleki, fuliji muimange pa tirole ndi lamba, mmodzi akhale pamwamba akukoka chingwe, okankha aime cham'mbali osati kumbuyo kwenikweni poti ikabwerera imabwera ndi mphamvu yake yonse.

Anzanga a ku zomangamanga, wilibala nayo ndi nkhani yomweyi, thumba la simenti la makilo 50 muziliika pafupi ndi tayala, osati ku zogwirira.

Fulijiyo iyende choimirira, ndipo mukafika auzeni eni ake adikire maola angapo asanaiyatse kuti oyilo abwerere mu kompulesa, kainjini ka fulijiyo.