Nkhasi sidya nsima abale, mudyetseni chonchi fulu wa m'madzi

Ine ndimakhala ku Mabvuku mu Harare koma ntchito ndimagwira ya m'galadeni ku Highlands, ndipo panyumba pamenepo pali kadziwe kokumba muli nkhasi zitatu, fulu wa m'madzi uja anzathu achishona amangomutchula kuti kamba. Ndine ndimazidyetsa zaka zonsezi nde anthu akaweta zawo amakonda kundifunsa. Mwezi watha alamu anga anandiitana kuti kankhasi ka mwana wawo kasiya kudya, kufika ndinapeza m'beseni muli zinyenyeswa za buledi ndi mkute wa sadza, madzi ali mbuu kununkha, kanyamako maso atatupa, chigoba ukachidina chikubonyoka. Ndinangoti alamu, iyi si nkhuku.

Yambani mwadziwa kaye mtundu wa nkhasi yanuyo chifukwa sizidya mofanana. Pali ija ya kamzere kofiira kuseri kwa diso, azungu amati red-eared slider, kwawo ndi ku America chigawo cha mtsinje wa Mississippi. Imeneyo ikakhala yaing'ono imafuna nyama kwambiri koma ikamakula imatembenukira ku masamba mpaka chakudya chake chambiri chimakhala zamasamba. Ndiye pali yakwathu kuno ya m'madambo, ija imabisa mutu pokhotetsa khosi chammbali ndipo ukainyamula imatulutsa fungo loti sungaiwale, imeneyo ndi yankhuli moyo wake wonse, tizilombo, mbululu, nkhono, tinsomba, masamba imangolawa. Yakutchire musamangotola mumsewu mvula ikagwa n'kubwera nayo kunyumba, za nyama zakutchire funsani kaye a ZimParks, bungwe la boma loziyang'anira.

Maziko a chakudya akhale ma pellets a nkhasi, timibulu touma ta chakudya, omwe amagulitsa m'mashopu a ziweto, osati a nsomba kapena a galu ayi. Ndikudziwa ndi madola, koma kabotolo kamodzi kamakhalitsa chifukwa muyeso wake ndi wochepa zedi: yang'anani mutu wa nkhasiyo, muyerekeze kuti ndi kachibokosi kopanda kanthu, chakudya chodzadza mmenemo ndi chokwanira basi. Kamwana kosakwana chaka mukapatse tsiku lililonse, yaikulu pakadutsa masiku awiri kapena atatu. Apa mpomwe ambiri timagonja, chifukwa nkhasi ndi yopemphetsa heve, ikangokuonani imapalasa madzi kukulondolani ngati yagona ndi njala sabata yonse, ana nawonso aliyense akadutsa aponyamo kanthu, mapeto ake imanenepa mpaka miyendo kukanika kulowa bwino m'chigoba.

Zankhuli zabwino zambiri n'zaulere. Nyongolotsi zokumba pa kompositi ndiye nambala wani, nkhululu, ziwala, ndipo mvula zoyamba zikagwa cha mu November ngumbi zija kuno amati ishwa, tolani muzisunge mufiriji muzipatsa pang'onopang'ono popeza zili ndi mafuta ambiri. Koma zonsezi zichokere pamalo pomwe sipanapoperedwe mankhwala, ine pa galadeni ndili ndi kona yanga yomwe sindifikako ndi sipuleya chifukwa cha zimenezi. Matemba a ku Kariba amene timagula ku Mbare Musika nthawi zambiri amakhala othira mchere, nde muwaviike m'madzi, kutaya madziwo kangapo, ndipo akhale a apo ndi apo osati ndiwo za tsiku ndi tsiku. Ubwino wa nsomba yathunthu ndi minga zake, muli kashiyamu wolimbitsa chigoba. Nyama yogaya, soseji, poloni, zotsala za m'poto zamchere ndi mafuta, mkaka, zonsezo ayi. Nyama yopanda fupa imakhutitsa koma chigoba sichipindulapo kanthu.

Ku masamba, makamaka kwa ya kamzere kofiira ija, ine ndimadalira nkhwani, muboora wa kunoyu, wanthete wosadzola mankhwala, kusadzula n'kuponya pamadzi uziyandama. Mpiru kapena kuti tsunga nawo ulibwino, repu ndi kovo mwa apo ndi apo, sipinachi chepetsani chifukwa imatsekereza kashiyamu kulowa m'thupi. Letesi woyera wa mpira uja ndi madzi okhaokha musataye naye ndalama. Karoti wopala ndi dzungu zimathandiza vitamini A, ndipo maso otupa aja kawirikawiri amabwera vitamini ameneyu akasowa kapena madzi akakhala auve. Mapeyala musayerekeze n'komwe. Papaya kachidutswa kamodzi pa nthawi, ngati switi. Namasupuni imadya inde, koma wa ku damu la Chivero ine sindingatenge, madzi ake tonse tikudziwa kuti ndi auve. Ikakana masamba poyamba musafooke, muziponyabe, njala ya masiku awiri siipha nkhasi yaikulu yathanzi.

Tsopano chomwe anthu sachiwerengera ngati chakudya ndi dzuwa. Mutha kuipatsa kashiyamu yense, fupa loyera lija amapatsa mbalame zoweta lotchedwa cuttlebone kapena zikhokhombe za mazira zowiritsa n'kusinja bwinobwino, koma popanda dzuwa thupi lake silipanga vitamini D3 ndipo kashiyamuyo amangodutsa. Dzuwa lodzera pagalasi la windo silithandiza, galasi limatchinga kuwala kofunikako. Nde pakhale mwala kapena chikuni choti ikwerepo iwume thupi lonse ikuwothera, komanso mbali ina pamthunzi yoti ithawireko, chifukwa dzuwa la October m'kabeseni kakang'ono likhoza kuiphika. Ya m'nyumba yosatuluka imafuna babu ya UVB, yotulutsa kuwala kofunika kuja m'malo mwa dzuwa.

Nkhasi imameza ili m'madzi, mukaiikira chakudya pouma imachikokera m'madzimo. Ine ndimazidyetsera m'beseni lapadera la madzi ofunda pang'ono, zikatha ndizibweza, chonchi dziwe silida msanga ndipo ndi mavuto a madzi a m'tauni muno zimandipulumutsa. Zotsala chotsani pakatha mphindi 15. Mu June ndi July kuno kumazizira, ndipo nkhasi ikazizidwa mimba yake imagwira ntchito mwaulesi, imadya pang'ono kapena kusiyiratu, musaikakamize. Ya m'thanki madzi ake amafunika madigiri 24 mpaka 28 kuti idye bwino. Mukaigwira kapena kugwira madzi ake sambani ndi sopo, nkhasi zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba ta salmonella, ana asamaipsopsone ndipo beseni lake lisayandikire mbale zodyera.

Ka alamu anga kaja tinapita nako kwa dokotala wa ziweto chifukwa chigoba chikafika pofewa chonchija masamba okha sangakonze. Pano maso atseguka, dzulo kanameza nyongolotsi ziwiri, ndipo mwana uja m'mawa uliwonse asanapite kusukulu amatulutsa beseni kuliika pakhonde pomwe dzuwa limayambira.