Momwe mungafufutire manambala ndi zizindikiro pa tisitima tachitsanzo popanda kuwononga penti

Ukagula mabogi anayi amtundu umodzi n'kuwalumikiza pa kanjanji kako, umangoona kuti onse ali ndi nambala imodzi. Pa njanji yeniyeni zotere kulibe. Bogi iliyonse, ngolo iliyonse, mutu wa sitima uliwonse uli ndi nambala yakeyake. Ena zimenezi sizimawakhudza, koma ine zimandibaya m'maso nthawi iliyonse kasitima kakamadutsa patsogolo panga. N'chifukwa chake ndinaphunzira kufufuta manambala ndi zizindikiro za kampani n'kuikapo zina.

Musanagwire chilichonse, dziwani momwe zilembozo zinafikira pamenepo. Pa tisitima tambiri tamasiku ano, kaya ta kampani ya Hornby, Bachmann, Dapol, Kato kapena Roco, manambala si omata ayi. Amadindidwa mwa njira yotchedwa tampo: kachinthu kofewa ka silikoni kamatenga inki pachitsulo chozokotedwa n'kukaidinda pamwamba pa penti. Ndiye kuti inki ili pamwamba, penti pansi pake, pulasitiki pansi penipeni. Ntchito yonse yagona pa kuchotsa ya pamwambayo musanafike pa yachiwiri, ndipo zonsezi n'zopyapyala kuposa pepala. Tisitima takale ta kampani ya Tri-ang n'tosiyana. Tambiri mwa ito zilembo ankazidinda ndi kutentha, moti zinalowa m'pulasitiki. Mukafufuta utoto wake, malo olowawo amatsalabe, ndipo pamafunika kukwirira ndi kupenta mwatsopano. Imeneyo ndi nkhani ina.

Yambani ndi kuchotsa thupi la bogi pa magudumu ake, ndipo ngati magalasi a mawindo akutheka kutuluka, atulutseni. Tsukani ndi madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, kenako muumitse.

Kenako yesani mankhwala anu ofufutira pamalo obisika. Kumapeto kwa bogi, pomwe imayang'anizana ndi inzake, nthawi zambiri pamakhala tizilembo ting'onoting'ono tomwe palibe amene amatiwerenga. Yesani pamenepo. Inki ndi penti zimasiyana kampani ndi kampani, ngakhalenso m'kampani imodzi zimasiyana malinga ndi chaka chomwe chinthucho chinapangidwa. Zomwe zinayenda bwino pa ngolo yakuda sabata yatha sizikutanthauza kuti ziyendanso pa bogi yabuluu lero.

Tchingani ndi tepi mozungulira nambala, kusiya kawindo kakang'ono ka malo ofufutawo basi. Ine ndimagwiritsa ntchito tepi yachikasu ya Tamiya. Imakwererako mtengo poyerekeza ndi tepi wamba, koma sisiya zomata ndipo sisupula penti poichotsa. Ganizaninso ngati n'kofunikadi kufufuta nambala yonse. Mitu ya sitima za ku Britain za dizilo imakhala ndi manambala asanu, ndipo awiri oyambirira amasonyeza mtundu wake, monga 37 kapena 47. Ngati mukungofuna mutu wina wamtundu womwewo, tchingani awiriwo, mufufute atatu omaliza kapena limodzi lokha. Koma dziwani kuti manambala atsopano samafanana ndendende ndi odinda aja pa kukula ndi kuyera kwake, choncho nthawi zina kusintha onse asanu kumaoneka bwino.

Njira yomwe ndimaidalira kwambiri ndi ya T-Cut, mankhwala opukutira penti ya galimoto. Ali ndi timchenga tosalala kwambiri tomwe timapala inki pang'onopang'ono. Tengani kamtengo ka thonje kotokosera m'khutu, kaviikeni pang'ono, mukapukute papepala mpaka katsale konyowa chabe. Pukutani nambala mopepuka, uku ndi uku, ngati mukusisita. Poyamba mudzaona ngati palibe chikuchitika. Musawonjezere mphamvu. Pakapita kanthawi m'mphepete mwa zilembo mumayamba kuzilala, kenako nambala imatha mofulumira. M'makona ndi pafupi ndi timisomali totumphuka, gwiritsani ntchito kamtengo kotokosera m'mano, poti thonje limadya msanga penti ya pamalo otumphuka. Pamalo pofufutapo pamatsala ponyezimira. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa zomata zatsopano, timapepala ta manambala toviika m'madzi n'kumata, zimafunanso malo osalala otero. Botolo limodzi mungathe nalo zaka, ndiye musagule lalikulu. Mankhwala otsukira mano oyera aja amagwiranso ntchito mofananako, kungoti amachedwa.

Njira yachiwiri ndi ya Micro Sol, yomwe kwenikweni ndi yofewetsera zomata. Mumadontheza pa nambala, kudikira mphindi zingapo, kenako kupukuta ndi labala yofufutira pensulo. Pa tisitima tina inki imachoka bwinobwino, pa tina siigwedezeka n'komwe.

Yachitatu ndi sipiriti wa isopropyl, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pomwe ndinawonongera bogi yomwe ndinkaikonda.

Inali bogi ya British Rail, kampani yakale ya njanji ya ku Britain, ya penti yabuluu ndi yotuwa. Ndinali nditafufuta ngolo ziwiri ndi sipiriti wa 70 peresenti popanda vuto, ndiye ndinadzidalira. Atatha, ndinagula wa 99 peresenti, ndikuganiza kuti angofulumizitsa ntchito. Sindinayese pobisika. Magalasi sindinachotse chifukwa anali omatidwa zolimba. Ndinaviika thonje mpaka kudontha, n'kulisiya pa nambala kuti inki ifewe, ine n'kutembenuka kukafuna kamtengo kena. Sizinathe mphindi ziwiri. Nditapukuta kamodzi, nambala inachokadi, koma thonje linatuluka labuluu bii. Pomwe panali nambala panaoneka chigamba cha pulasitiki yakuda, chachikulu ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, m'mphepete mwake penti itakwinyika. Nditainyamula bogiyo kuti ndione bwino, sipiriti wotsala anayenderera m'kamzere ka chitseko n'kusiya mzere wotuwa mbuu mpaka pansi. Mtima unandiwawa kwambiri. Buluu wa pafakitale ndi wovuta kumufananitsa, ndipo chigambacho chimaonekabe mpaka lero ndikayatsa nyale.

Chomwe chinandilakwitsa n'chakuti sipiriti sasankha. Amafewetsa inki ndi penti nthawi imodzi, kungoti inki imagonja msanga pang'ono. Mpata wanu ndi kanthawi kochepa pakati pa ziwirizo. Choncho musamusiye sipiriti atakhala pa penti. Thonje likhale lonyowa pang'ono, pukutani kawiri kapena katatu, lekani, liyang'aneni thonjelo. Likakhala ndi mtundu wa nambala, woyera kapena wachikasu, pitirizani. Mukangoona kamtundu ka thupi la bogi, ngakhale pang'ono bwanji, imani pomwepo, tsukani ndi madzi, musiye penti iume ndi kulimbanso mpaka mawa. Penti yofewa ikasiyidwa imalimbanso, koma mukaipukuta ili yofewa yapita. Goneketsani bogi cham'mbali patebulo pogwira ntchito, musaiimike, kuti sipiriti asapeze njira yoyenderera. Ndipo yambani ndi wa 70 peresenti. Amachedwa, koma kuchedwako n'komwe kumakupatsani nthawi yoona zomwe zikuchitika. Za kutuwa kuja, ndinadzazindikira pambuyo pake kuti sipiriti akakhudza vanishi wosanyezimira amamuyeretsa, ndipo kawirikawiri kupoperanso vanishi pamwamba kumabwezeretsa mtundu. Mzere uja unatha motero, chigamba chokha ndi chomwe chinakana.

Samalaninso komwe mukugula sipiritiyo. Pa intaneti pali ogulitsa ena omwe amathira m'mabotolo opanda chizindikiro chomveka, otchipa mokayikitsa. Ndinalandirapo limodzi lomwe fungo lake linali ngati la mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. Nditadontheza pa kachidutswa ka pulasitiki, pamwamba pake panayamba kumata. Botolo losalembedwa bwino zomwe zili m'kati ndi mphamvu yake, lisiyeni. Sipiriti amayakanso msanga, ndiye tsegulani mawindo ndipo moto ukhale kutali.

Acetone, yemwe amapezeka m'mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, musayerekeze n'komwe, amasungunula pulasitiki ya tisitimati. Mafuta a mabuleki a galimoto ena amawatama, koma amenewo amasupula penti yonse, ndipo pulasitiki ina imasanduka yosachedwa kuthyoka. Ndi a munthu yemwe akufuna kupenta chinthu chonse mwatsopano. Cholembera cha timaulusi tagalasi chimachotsa inki mwachangu, koma chimasiya tizikande, ndipo timaulusi take tikalowa m'chala timabaya masiku angapo. Ndimachigwiritsa ntchito pa ngolo zokha zomwe ndidzazidetse kuti zioneke zakale. Kaleza kopindika nsonga kamathandiza pa tizilembo touma mutu, bola mupale chopendeketsa, osati kudula.

Zizindikiro zikuluzikulu za kampani zimavuta kuposa manambala chifukwa zimadindidwa mitundu ingapo, wina pamwamba pa unzake. Zichotseni mtundu umodzi umodzi, masiku awiri ngati kungafunike. Nthawi zambiri pamatsala chithunzithunzi cha chizindikirocho mukapendeketsa powala. T-Cut pang'ono pamalo onsewo amachichepetsa, ndipo vanishi amamaliza zotsala.

Zikachoka, tsukaninso ndi sopo kuti mankhwala onse achoke, apo ayi zomata sizigwira. Ngati malowo sakunyezimira, pakani vanishi wonyezimira pang'ono, chifukwa pamalo okhakhala mpweya umatsekeredwa pansi pa chomata n'kumaoneka ngati siliva. Pogula manambala atsopano onetsetsani sikelo, ndiko kukula kwa kasitima poyerekeza ndi sitima yeniyeni: OO ndi 1:76, HO ndi 1:87, ndipo ogulitsa ena amazisakaniza ngati n'chimodzi. Makampani ogulitsa zomata a Fox Transfers ndi Railtec amalemba sikelo momveka. Dulani, viikani m'madzi, tsetserezani pamalo pake, yamwitsani madzi ndi kathishu, dontho la Micro Sol, musiye usiku wonse. Mawa lake poperani vanishi mbali yonse ya bogi, osati pa nambala pokha, magalasi atatchingidwa. Ikauma bwezerani thupi pa magudumu.