Musanagule mankhwala, yambani mwaidziwa kaye mbozi yomwe ili m'chimanga mwanu

Anzanga alimi, nyengo ino chimanga chikangofika m'mawondo mafoni amadzadza ndi zithunzi za masamba obooka, aliyense kufunsa kuti ndithire mankhwala anji. Ine funso langa loyamba limakhala loti mwaiona mboziyo? Chifukwa tsamba lobooka lokha silinena zambiri, mbozi zingapo zimaboola tsamba mofananako koma kakhalidwe kake nkosiyana ndipo nthawi yozigwira njosiyananso. Chaka china ndinathamangira kwa wogulitsa mankhwala pa tradingi, ndinangomuuza kuti chimanga chikudyedwa iye nkundipatsa botolo, kuthira kawiri konse osasintha kanthu. Nditang'amba phesi ndi mpeni ndinapeza ndi kapuchi ali phee mkati mwenimweni momwe mankhwala aja sakanafika. Ndalama inapita, ndipo kuyambira pamenepo ndimayamba ndayang'ana.

Mbozi ndi mwana, mayi wake ndi kagulugufe kotuwa kouluka usiku kaja kamabwera pa nyali. Kamaikira mazira, mazira aswa timbozi, mbozi idya nkumafundula khungu kangapo, ikakhuta isanduka chikwa, m'chikwamo mutuluka gulugufe wina. Amene amadya mbewu ndi mwanayo, ndiye ndi amene tiyenera kumudziwa nkhope.

Pitani kumunda m'mamawa mame asanakamuke kapena madzulo dzuwa litapepa, masana zimabisala. Tengani kabotolo, pepala loyera, kamtengo ka machesi ndi foni. Musangoyenda m'mphepete ayi, lowani mkati mukuyenda mokhotakhota ngati chilembo cha W, muime malo 5 ndipo pamalo aliwonse muone mapesi 10 otsatizana, onse pamodzi 50. Mukapeza phesi lodyedwa tsegulani mumtima mwa chimanga muja masamba atsopano amatulukira, gwedezerani mboziyo papepala loyera, ikani kamtengo ka machesi pambali pake kuti kukula kwake kuoneke, kenako jambulani katatu: kumutu, kumsana ndi kumchira. Kumchirako anthu ambiri amaiwala koma nkomwe kuli yankho.

Tiyambe ndi yomwe yatisautsa kwambiri, ija alangizi amaitchula kuti fall armyworm. Kwawo ndi ku America, mu Africa inaoneka koyamba chakumadzulo mu 2016, kuno ku Malawi inatipeza m'nyengo ya 2016/17 ndipo mu December 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha iyoyo. Ikakula imafika pafupifupi masentimita 4, mtundu wake musaudalire kwambiri poti ina imakhala yobiriwira ina yakhofi ina yoderako, zimatengera zomwe yadya ndi msinkhu. Yang'anani kumutu. Pamphumi pake pali mzere woyererako wooneka ngati chilembo Y chozondoka. Kenako pitani kumchira, pa mfundo yachiwiri kuchokera kumapeto pali madontho anayi akuda otukuka pang'ono, okhala mwa sikweya ndendende ngati madontho a nambala 4 pa dayisi. Mfundo zinazo nazonso zili ndi madontho anayi koma awiri akutsogolo amayandikana, awiri akumbuyo amatalikirana, sikweya yeniyeni ili kumchira kokha. Mukaona Y ndi sikweya pamodzi ndi yomweyo basi. Y yekha asakukhutiritseni chifukwa mbozi zina zapachibale chake zilinso ndi mzere wofananako kumutu.

Chizindikiro china ndi ndowe zake, zimadzaza mumtima mwa chimanga ngati utuchi wonyowa wachikasu, masamba nkung'ambika zibowo zazikulu zosalongosoka ngati mwadutsa matalala. Mukatsegula nthawi zambiri mupeza imodzi kapena ziwiri zokha zikuluzikulu, sikuti zinali zochepa ayi, zimadyana zokhazokha, yaikulu imadya zing'onozing'ono.

Koma apa mpamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa mukaiona ili yaikulu choncho ndiye kuti mwachedwa kale. Mbozi imeneyi imadutsa misinkhu 6, kukatentha zonsezi zimangotenga masabata awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo chakudya chochuluka imadya m'misinkhu iwiri yomaliza. Nthawi yabwino yoigwira ndi ili dzira kapena kakhanda. Mazira ake amaikidwa pamulu, 100 mpaka 200 malo amodzi, kawirikawiri kunsi kwa tsamba, ndipo mayi amawafunditsa ndi timaubweya totuwa ta m'thupi mwake moti ukangoona mwachangu umayesa ndi nkhungu kapena kachidutswa ka thonje kodetsedwa. Akatsala pang'ono kuswa amada, ndipo kukatentha masiku awiri kapena atatu aswa. Mulu umenewo kungoutikita ndi chala mwapha mbozi zoposa 100 osawononga ndi tambala yomwe. Tikangoswa timakhala tating'ono kwambiri ngati kachidutswa ka ulusi, thupi lobiriwira motuwa kamutu kakuda kooneka kakakulu kuposa thupi, Y ndi sikweya zija pamenepa simungazione ndi maso. Sititha kuboola tsamba, timangopala mbali imodzi nkusiya kakhungu koonekera kuwala ngati kawindo ka pulasitiki. Kwezani tsamba kudzuwa muona timawindo timeneto. Mukaligwedeza tina timalendewera pa kaulusi ngati kangaude, ndi momwe mphepo imatinyamulira kupita ku mapesi ena. Ikamaliza kudya imatsika kulowa m'dothi masentimita 2 mpaka 8, nkusanduka chikwa chofiirira chonyezimira chomwe chimagwedeza kumchira ukachikhudza, pakatha sabata ndi masiku pang'ono gulugufe watuluka. Mwezi umodzi m'badwo wina wayamba, nchifukwa chake m'munda umodzi mumapeza mazira, tiana ndi zikuluzikulu nthawi imodzi, makamaka kumadimba komwe chimanga sichisowa chaka chonse.

Ambiri timangoti zonsezi ndi ntchemberezandonda koma ntchemberezandonda yathu yakale ija ndi ina. Iyo imabwera mwachigulu, yakuda bii ngati veleveti ndi mizere yoyera m'mbali, kumimba kobiriwira, imayenda pansi poyera masana zikwizikwi kudya udzu, mapira, mpunga ndi chimanga kuyambira m'mphepete mwa tsamba, ikamaliza nkusamukira kwina. Siibisala mumtima ngati inzakeyi ndipo ilibe sikweya yooneka bwino kumchira.

Kapuchi ndiye wosalala, woyererako kapena wapinki pang'ono, mutu wakhofi. Alipo amitundu iwiri odziwika, wina amakonda madera okwera ozizira, mazira ake amawabisa mkati pamene tsamba lakumbatira phesi moti simungawaone osasenda. Winayo wamadontho amakonda kotentha kunsi ngati kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, anachokera ku Asia ndipo mu Africa anayamba kulembedwa konkuno ku Malawi cha m'ma 1930, mazira ake ndi aphwatalala osanjikizana ngati mamba a nsomba. Poti wamadonthoyu anthu amamusokoneza ndi fall armyworm, onani khungu, ndi loyera ngati mkaka madontho ali thupi lonse ndipo mutu ulibe Y woonekera. Kadyedwe kake nakonso nkosiyana, amaboola tsamba lidakali lokulungika ndiye likatambasuka mumaona tizibowo ting'onoting'ono tondondozana mzere mopingasa tsamba ngati wina anadinda ndi msomali. Kenako amalowa m'phesi, mtima wa chimanga uuma pomwe masamba apansi ali obiriwira, paphesi pali kabowo kotuluka utuchi. Chikwa chake chimakhala m'phesi momwemo osati m'dothi, ndipo ena amagona m'mapesi ouma chilimwe chonse kudikira mvula, choncho mapesi a munda womwe unagwidwa kwambiri musawasiye ali chiimire mpaka dzinja.

Pa chimanga choti chabereka, kundevu kuja, mutha kupeza ina yomwe imadyanso thonje, tomato ndi nandolo. Imeneyo ipititseni chala pamsana, khungu lake ndi lokhakhala pang'ono ngati sandipepa, ili ndi mzere wotuwa m'mbali ndipo pa tomato kapena nandolo imakonda kudya mutu uli mkati thupi lili panja. Mazira ake amaikidwa limodzilimodzi osati pamulu. Mbande zikamadulidwa patsinde usiku fukulani dothi pafupi, mupeza yotuwa yonenepa yomwe imadzipinda ukaikhudza.

Mukapeza chomwe simukuchidziwa ndi pang'ono pomwe, chitembenuzeni muwerenge miyendo. Mwana wa gulugufe ali ndi timiyendo 6 tosongoka kufupi ndi mutu, kenako tina tonenepa tofewa pamimba, kawirikawiri mapeyala anayi pakati ndi peyala imodzi kumchira. Choyera chonenepa chopindika ngati C chomwe mumachifukula polima, cha miyendo 6 yokha yakutsogolo, ndi mwana wa chikumbu ndipo chimadya mizu. Chopanda miyendo ndi mutu wooneka ndi mphutsi ya mtundu wa ntchentche. Palinso tizilombo tina tomwe ana ake sakhala mbozi nkomwe, amangofanana ndi makolo koma opanda mapiko, monga nunkhadala amene ana ake akuda a timizere tachikasu amaunjikana pachitsamba chimodzi m'mamawa, nthawi yabwino yowasonkhanitsa ndi yomweyo asanabalalike. Kunsi kwa masamba a chinangwa timamba tating'ono tosayenda tija ndi ana a ntchentche zoyera zomwe zimafalitsa matenda a chinangwa.

Chonde si chilichonse chokwawa chomwe ndi mdani. Pakati pa nsabwe za pa mpiru kapena nyemba mukaona kakuda ka madontho a olenji kooneka ngati kang'ona kakang'ono, kameneko ndi mwana wa kachikumbu kofiira ka madontho kaja ndipo kakudya nsabwezo. Wachibale wake wodya masamba a maungu ndi wachikasu wa timinga thupi lonse, ameneyo ndiye wowononga. Mukaona mbozi yofooka kapena yakufa pambali pake pali tinthu toyera ngati njere za mpunga, musatiphwanye, ndi zikwa za timavu tating'ono tomwe tinaidya mkati ndipo tikatuluka tikagwira zina. Nyerere nazo zimakoka mbozi, nchifukwa chake alimi ena amathira msuzi wa usipa mumtima mwa chimanga kuti ziitanike. Mukapopera mankhwala mwachisawawa oyamba kufa ndi amenewa.

Ikakukanikani kuizindikira ileleni. Ikani m'botolo la pulasitiki loboola timabowo pachivindikiro, pansi dothi lonyowa pang'ono lokwana zala zitatu, muziipatsa tsamba la mbewu yomwe munaipezapo tsiku lililonse ndi kuchotsa ndowe, botolo likhale pamthunzi. Imodzi pa botolo, mukaika ziwiri mawa mupeza imodzi. Lembani tsiku, mbewu ndi mbali yomwe imadya. Ana asukulu amaikonda ntchito imeneyi, kwathu ndi amene amandiuza kuti yalowa m'dothi. Yoti mupite nayo kwa alangizi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) kapena ku kiliniki ya mbewu komwe ilipo, iviikeni kaye m'madzi otentha kwambiri kwa kamphindi kuti isade, kenako muiike mu spiriti, mutengenso tsamba lodyedwalo m'pepala osati m'jumbo poti limavunda msanga. Ngati mukutumiza pa WhatsApp tumizani zithunzi zitatu zija pamodzi ndi cha tsamba, munenenso kuti mwa mapesi 50 munawerenga aja odyedwa ndi angati komanso chimanga chili ndi masabata angati, mlangizi akhala ndi poyambira.