Kuona namondwe wa padzuwa pafoni yanu

Uthenga ukamazungulira pa WhatsApp woti dzuwa laphulika netiweki izima masiku atatu, musathamangire kufowada. Mutha kudzionera nokha muli konkuno ku Kasungu, bola kabandulo kalipo.

Lembani pa Google kuti WSA-Enlil mutsegule tsamba la NOAA, bungwe la boma la America loona za nyengo, mupeza kakanema kongobwerezabwereza. Sikojambula ndi kamera ayi, ndi kompyuta yawerengera mmene mphepo yochokera kudzuwa iyendere masiku akubwerawa. Pabwalo lakumanzerelo dzuwa lili pakati, kadontho kobiriwira kumanjako ndi dziko lathu lino. Mizere yopindika ikuzungulirayo isakuopseni, ndi mphepo ya masiku onse. Chofunika ndi chimtambo chokhota ngati chikwakwa chimene chimavumbuluka pakati n'kumakula chikupita kunja, imeneyo ndiye CME, zinthu zotentha zimene dzuwa lalavula. Chikalunjika kadontho kaja ndiye kuti chikubwera, chikalowera kwina basi chatiphonya, kagoneni.

Imitsani kanemayo pomwe chimtambo chagunda kadontho, muwerenge deti ndi nthawi pamwambapo. Nthawiyo ndi UTC, nthawi yoyendera dziko lonse imene ena amati GMT, ndiye wonjezerani maola 2 kuti ikhale ya kuno, apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Ulendo wa chimtambocho kuchokera kudzuwa kufika kuno nthawi zambiri umatenga tsiku 1 mpaka masiku 3.

Koma musaikhulupirire kwambiri modeloyi, imaphonya ndi maola angapo komanso siikuuzani kuti namondweyo avuta bwanji, zimenezo zimadziwika mtambowo ukadutsa masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, kutatsala mwina ola limodzi kapena osakwana. Ndiye pa tsamba lomwelo tsegulani Real-Time Solar Wind muyang'ane mzere wa Bz, umene umaonetsa komwe mphamvu ya maginito ya mphepoyo yaloza. Ukatsika kwambiri pansi pa ziro n'kukhalitsa pamenepo, zinthu zavutadi. Onaninso Kp, nambala yoyeza mmene mphamvu ya maginito ya dziko lathu yasokonekera, imayambira 0 kulekeza 9. Ikafika 5 ndi G1 kanamondwe kakang'ono, 9 ndi G5 namondwe wamkulu koposa ngati uja wa May 2024 amene kumwamba kunafiira mpaka ku South Africa. Wa March 1989 anazimitsa magetsi ku Quebec maola 9.

Kwathu kuno magetsi akathima musafulumire kunamizira dzuwa, za ku Quebec zija zimakonda mayiko a kumpoto kwenikweni kapena kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Chimene chingatikhudze ndi GPS. Inu oyeza malo ndi owulutsa ma drone, Kp ikakwera chonchi ntchito yoika mabikoni isiyeni kaye, makamaka madzulo dzuwa likangolowa, muidikire itsike.