Galu akatsimphina, yambani ndi maso

Mwini galu akalowa n'kundiuza kuti "ndi mwendo wakumanzere, adokotala", ndimamumvera, koma sindifulumira kuvomereza. Sikuti amanama ayi. Kungoti anthu ambiri amaloza mwendo wolakwika, ndipo inenso ndinkatero nditangoyamba ntchitoyi.

Choyamba musamugwire. Mutulutseni pamalo osaterera, wina amuyendetse chingwe chili chomasuka, kupita ndi kubwera, kenako athamange pang'ono. Inu njutani, maso akhale pamutu pake. Miyendo yakutsogolo ya galu imasenza pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwake, choncho umodzi ukamapweteka amadzutsa mutu poponda nawo, n'kuutsitsa poponda ndi wabwinowo. Apa m'pamene eni ake amasokonezeka: amaona mutu ukugwa n'kuganiza kuti vuto lili pomwepo. Ngati ndi kumbuyo yang'anani chiuno, mbali yopwetekayo imakwera ndi kutsika kwambiri ndipo phazi silichedwa pansi. Tcheraninso khutu. Zikhadabo zikamakhula pansi kuti khwee, khwee, mwina vuto lili kumsana osati m'mwendo.

Kenako akhale pansi. Galu amene waduka mtsempha wam'kati mwa bondo, uja timautcha cranial cruciate, safuna kupinda bondolo, amakhala atauponyera kumbali mwendowo. Limeneli ndi limodzi mwa mavuto amene timakumana nawo kwambiri pamiyendo yakumbuyo. Tiagalu ting'onoting'ono ngati Chihuahua tili ndi kachitidwe kakenso: kakuthamanga bwinobwino, mwadzidzidzi kapachika mwendo m'mwamba, kadumpha kawiri katatu, kapondanso ngati palibe chachitika. Pamenepo kafupa kapabondo kachoka m'malo mwake n'kubwerera. Galu wa mtundu wa German Shepherd kapena Labrador amene sanakule akamathamanga ngati kalulu, miyendo yakumbuyo yonse pamodzi, ndimakayikira polumikizira mafupa m'chiuno.

Tsopano manja. Mangani kukamwa kaye, chifukwa ululu umalumitsa ngakhale galu wofatsa. Yambani ndi mwendo wabwino kuti zala zanu zidziwe mmene zinthu ziyenera kukhalira, wopwetekawo ubwere pomaliza. Ndipo muyambire kuphazi n'kumakwera. Izi ndinaziphunzira mwamanyazi. Tsiku lina ndinakhalira kupinda ndi kuwongola bondo la galu wina, maganizo ali kale pa X-ray, mpaka wondithandiza anatambasula zala zake n'kuzulapo kamunga kosakwana sentimita imodzi. Kuyambira pamenepo ndimaona pakati pa zala, chikhadabo chilichonse ndi kunsi kwa phazi ndisanapite kwina.

Pokwera, finyani fupa lililonse pang'onopang'ono, pindani ndi kuwongola polumikizira pamodzipamodzi, mukufunafuna kutentha, kutupa kapena kukhutchuka. Agalu ambiri salira. Amangoleka kupuma wefuwefu, kunyambita milomo, kapena kutembenuka n'kukuyang'anani. Yerekezani ntchafu ziwirizo: ina ikaonda, ndiye kuti vutolo ndi la masabata kapena miyezi, ngakhale mwini wake akulumbira kuti layamba dzulo. Pindaninso phazi kuti aponde ndi kumwamba kwake. Galu wabwinobwino amalibweza nthawi yomweyo. Akalisiya choncho, mitsempha ya kumsana ifufuzidwe. Zokoka bondo kuti muone ngati fupa lam'munsi likutsetserekera kutsogolo asiyireni adokotala, nthawi zina zimafuna mankhwala ogonetsa.

Msinkhu umanena zambiri. Galu wa mtundu waukulu wa miyezi 5 mpaka 18 amene lero akutsimphina mwendo uwu, sabata yamawa wina, kawirikawiri amakhala ndi kutupa kwa m'mafupa kumene kumatha akakula. Koma wokalamba wa mtundu waukulu amene watupa molimba chapamwamba pa phazi lakutsogolo kapena pafupi ndi bondo, ameneyo ndimamujambula X-ray tsiku lomwelo poopa khansa ya m'mafupa.

Mphaka ndiye wovuta. Mukamuika pansi kuchipatala amangonyata pansi pa mpando, ndiye mujambuleni vidiyo pafoni ali kunyumba. Ngati amayendayenda panja ndipo wayamba kutsimphina mwadzidzidzi, fufuzani timabowo ta mano muubweya. Akalumana ndi mnzake, chithupsa chimatuluka patapita masiku awiri kapena angapo, thupi litatentha kupitirira madigiri 39.2. Wokalamba wa nyamakazi kawirikawiri satsimphina n'komwe, amangoleka kudumphira pamene ankakonda kugona, ubweya wakumsana n'kuyamba kupotana chifukwa sakutha kudzinyambita. Koma mphaka akangogwa, miyendo yakumbuyo yosagwira, yozizira, iye akulira, thamangani naye. Nthawi zambiri amakhala magazi oundana ochokera kumtima amene atseka mtsempha waukulu.

Chimodzimodzi chiweto chimene sichikuponda n'komwe, chimene mwendo ukulendewera, kapena chagundidwa ndi galimoto: palibe zodikira. Ngati kutsimphinako n'kochepa ndipo chikudya bwino, chipumitseni masiku awiri, osathamanga, osadumpha, zikapanda kusintha mubwere nacho. Chonde musachipatse mankhwala anu. Paracetamol amapha mphaka, ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu. Ngati mwapereka kale, ndiuzeni dzina lake, kuchuluka kwake ndi nthawi imene munapereka, chifukwa mankhwala amene ndingalembe ine akhoza kudana nawo.