Kukaona mathithi kuphiri: muyambire pati?

Mwafunsa mmene mungakonzere ulendo wokaona mathithi kuphiri. Chitani izi.

Choyamba, werengerani nthawi. Pamalo athyathyathya munthu amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, ndiye muwonjezere ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Lawirirani m'mamawa kuti dzuwa likamapendeka mukhale mukutsika.

Uzani wina kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere. Njira ngati simukuidziwa, tengani wokulondolerani, chifukwa chifunga chikatsika tinjira tonse timafanana.

M'chikwama muike madzi akumwa, kamba, tochi ndi juzi. Kumwambako kumazizira, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Nsapato zikhale zogwira pansi, osati mapatapata.

Mukafika ndiye posamala kwenikweni. Miyala yonyowa ija imakhala ndi ndere, imaterera ngati sopo, choncho pondani pouma ndipo manja asanyamule kanthu. Pamwamba pa mathithi, kumene anthu amakonda kukajambulitsa, ine sindipondako n'komwe. Musadumphire m'dziwe musanadziwe kuya kwake, ndipo pamene madzi akugwerapo musayandikirepo, amazungulira n'kukokera munthu pansi.

Mukaona madzi ayamba kuda, akubwera ndi masamba ndi timitengo, kwerani pamtunda msanga. Mvula yagwa kumtunda, ngakhale pamene mulipo dzuwa likuswa mtengo.